Bambo anang'ambika mtsempha waukulu mu Julayi: kodi tiwatsitse kuphiri chisanu chisanafike?

Ndikupereka moni kwa nonse, makamaka madokotala, anamwino ndi ena amene munasamalirapo munthu wodwala matenda a mtima. Mundilezere mtima, chifukwa funso langa silingamveke ndisanafotokoze chimene chinachitika.

Bambo anga ali ndi zaka 66 ndipo amakhala m'mbali mwa msewu wokwera ku Ku Chawe, kumene anagwira ntchito ya ulonda wa usiku kwa zaka zambiri. Chaka chatha mu Julayi, sabata imene nkhungu ndi mvula yowaza ya chiperoni zinakuta phiri lonse la Zomba, anaweruka m'mamawa n'kutunga madzi ozizira kuti asambe, ndipo asanamalize n'komwe anakuwa kuti chinachake chang'ambika m'chifuwa. Ululuwo unabwera mwadzidzidzi n'kutsikira kumsana, pakati pa mapewa. Amayi anawapeza atatsamira chidebe, thukuta lili kamukamu, pamene ena tonse tinkanjenjemera ndi chisanu.

Ife tinkayesa chibayo. Atawajambula ndi makina a CT ku Blantyre, dokotala anatiuza kuti dzina la vutoli ndi aortic dissection, ndipo anatilembera chithunzi kuseri kwa pepala la mankhwala. Khoma la aorta, mtsempha waukulu wotuluka mumtima, lili ndi zigawo zitatu. Cham'kati chikang'ambika, magazi amalowa pakati pa zigawozo n'kudzitsegulira njira yachiwiri, monga mmene madzi amalowera kuseri kwa pulasitala mpaka kumusenda pakhoma. Kung'ambikako kukakhala pafupi ndi mtima amati mtundu A, ndipo pamafunika opareshoni yamsangamsanga. Kwa bambo kunali kumunsi, mtundu B, umene nthawi zambiri amaulimbana ndi mankhwala otsitsa BP ndi ochepetsa liwiro la mtima. Ndi chifukwa chake lero tikadali nawo.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi nyengo. Ndakhala ndikuwerenga ndipo ndapeza kuti vutoli limachuluka m'miyezi yozizira, ngakhale m'madera amene chisanu chake si choopsa, ndiponso limakonda kugwira anthu m'mawa, kuyambira cha m'ma 6 koloko mpaka masana. Chifukwa chake n'chomveka: thupi likazizidwa, timitsempha ta pakhungu timafinyika kuti kutentha kusatuluke, mtima umakankha magazi mwamphamvu, BP imakwera, ndipo khoma limene linafooka kale ndi limene limayamba kugonja. M'mawa nawonso BP imakwera yokha munthu akamadzuka. Bambo anali nazo zonse tsiku limenelo, chisanu, m'mawa ndi madzi ozizira, kuwonjezera pa BP imene ankaimwera mankhwala mwa apo ndi apo, akamva mutu basi.

Sindikungodalira zowerenga. Tinagula kamakina koyezera BP ndipo amayi amalemba m'kope tsiku lililonse. Mu Okutobala, dzuwa lili phwee, manambala ankazungulira pa 128/80. Sabata yathayi, mphepo itangoyamba kusintha, m'mawa wina anafika 152/94 asanamwe tiyi, pamene mankhwala awo a BP, atenolol ndi amlodipine, akumwa mosadumphitsa ndipo ntchito ya ulonda anasiya. Tikadali mu Meyi, Juni ndi Julayi sanafike.

Mlongo wanga amakhala ku Kachulu, m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, kumene kumakhala kofundirako kusiyana ndi kuphiri, ndipo akuti tiwapititse kumeneko mpaka Ogasiti. Ine mtima uli pawiri. Kumeneko chipatala chachikulu chili kutali, pamene vutoli likabweranso ola lililonse limawerengedwa. Ndiwo za kumeneko nazonso ndi nsomba zouma zimene amazithira mchere wambiri, ndipo udzudzu sindiutchula n'komwe. Eni akewo akukana, akuti sangasiye mbuzi zawo chifukwa cha mphepo imene akula nayo. Kunena zoona ndikuona kuti kuyandikira chipatala kukuposa kufunda, koma sindikufuna kuti maganizo anga okha agamule moyo wa bambo.

Choncho ndikufunsa amene mukudziwa: kodi kusiyana kwa nyengo pakati pa phiri ndi kunyanja n'kokwanira kuti tisamutse munthu wotere, kapena madzi ofunda osamba, chipewa, masokosi ndi kusatuluka panja dzuwa lisanakwere zingakwanire? Kodi madokotala amawonjezera mlingo wa mankhwala m'miyezi yozizira, kuti ndikafunse bwino pa tsiku lathu lokaonana nawo kumayambiriro a Juni? Sitisintha mlingo tokha, ndikungofuna kupita ndili ndi mafunso oyenera. Amayi akufunanso kumawaikira mbaula kuchipinda usiku, koma ine ndikuopa mpweya wa makala m'chipinda chotseka, ndiye ngati pali njira ina yofunditsira nyumba ya malata yopanda siling'i mundiuze.

Ogulitsa mankhwala azitsamba ndikupempha mwaulemu kuti musandilembere kumbali. Amene muli ndi kholo la BP ku Domasi, ku Malosa kapena kwina kulikonse kumene chiperoni chimafika, ndingakonde kudziwa manambala amene mumapeza mu Julayi.