Mamendulo anayi a Keyala, ndiwayike pa mtengo wanji?

Wa ziboliboli, Zomba:
Akuluakulu ndithandizeni nzeru, ine zanga ndi ziboliboli ndi ndalama zakale, izi sindizidziwa bwino. Dzulo kwabwera mayi wina wachikulire ndi mamendulo anayi atamanga pa kansalu, akuti ndi a agogo awo omwe anali msilikali wa Keyala (King's African Rifles, K.A.R.), akufuna fizi ya mwana ndiye akuti nditchule mtengo ineyo. Awiri ndi ozungulira a siliva ali ndi mutu wa George V, imodzi mwa iwo ili ndi kachitsulo kopingasa pa riboni kolembedwa NYASALAND 1915, riboni yake yachikasu m'mbali mwakuda pakati timizere tiwiri tobiriwira. Yachitatu ndi nyenyezi ya mkuwa yolembedwa Burma Star, yachinayi yozungulira ya 1939-1945. Ada kwambiri, ndimati ndiwapukute ndi Brasso kaye ndisanajambule.

Wa ku Limbe:
Chonde achimwene Brasso ayi!! kuda kumeneko ogula amakufuna, mukangopukuta mwadya zilembo ndi mtengo womwe. Madzi ofunda ndi kasopo pang'ono basi, riboni musachotse ngakhale yang'ambika.

Mdala wa ku Lilongwe:
Mwana wanga yamba wayang'ana m'mphepete mwa awiri a siliva aja, mozungulira monse, pamayenera kukhala nambala, udindo, dzina ndi gulu lake monga 1/K.A.R. Mtengo wa mendulo uli pamenepo osati pa siliva. Ya riboni yachikasuyo ndi Africa General Service Medal, inayamba 1902, ndipo kachitsulo ka Nyasaland 1915 anapatsa amene anatumidwa kukathana ndi kuukira kwa a Chilembwe mu Januwale ndi Febuluwale chaka chimenecho. Ndi yosowa kuposa zinazo kutalitali. Inayo ngati kumbuyo kuli munthu pa hatchi ndi zaka 1914 1918 ndiye British War Medal ya nkhondo ya Chiwaya, imayenera kuyenda ndi inzake Victory Medal ya riboni ngati utawaleza, afunse mayiwo mwina inatsala m'sutikesi.

Koma chikundivuta ndi ichi, munthu wogwira mfuti 1915 kuti akapezekenso ku Burma 1944, zaka pafupifupi 30, kawirikawiri sizitheka. Ndikuganiza kuti apa pali anthu awiri, bambo ndi mwana wake, zinangosungidwa pamodzi.

Wa ziboliboli, Zomba:
Zoona bambo, dzina lilipo pa awiri a siliva ndipo ndi limodzi, nambala ikuoneka bwino pa imodzi, pa inayo manambala awiri afufutika. Pa Burma Star ndi inzake palibe chilichonse, ndiye ndi feki eti?

Wa ku Limbe:
Ayi si feki, a nkhondo yachiwiri aku Britain ankapereka opanda maina, ndiye ndi ovuta kutsimikiza mwini wake ndiponso anapangidwa ambirimbiri, mtengo wake ndi wochepa. Ya 1939-1945 yo si siliva ngakhale ikuwala choncho. Ine ndinapsapo zala chaka china, ndinagula mendulo kwa munthu wina ndili wosangalala kuti ndapeza ya Somaliland, kenako wogula atayeza ndi kalipa (kachida ka amakaniko koyezera kukula kwa zitsulo) anapeza kuti m'mphepete munapalidwa ndi tupa n'kulembapo dzina lina, mbali ya dzinayo inali yopyapyala, ndalama yanga inapita mpaka lero zimandiwawa. Ndiye yezani mbali zingapo, ikhale pafupifupi 36mm ponseponse, muonenso timisomali togwira kachitsulo kaja ngati sanachite kuwotcherera, anthu amatha kutenga kachitsulo kosowa n'kukamata pa mendulo wamba.

Mayi wa mabuku akale, Blantyre:
Kuwonjezera apo, maina a olandira analembedwa m'mabuku a medal roll, ali ku National Archives ku Kew m'gulu la WO 100, ndiye nambala ndi dzina zikagwirizana ndi bukulo pa Nyasaland 1915 nkhani yatha. Za mtengo musafunse m'misika, onani pa intaneti zomwe Noonans kapena Spink aku London anagulitsa kale pa okushoni, amasiya mitengo yake poyera, fananizani ndi ya msilikali wa Keyala osati ya ofisala wachizungu. Ndipo musanatumize chilichonse kunja mufunse kaye ku Dipatimenti ya Museums and Monuments, lamulo la Monuments and Relics Act lilipo pa zinthu zakale.

Koma ine mtima wanga suli pa mtengo. Mendulo imeneyo ndi ya munthu wathu yemwe anatumidwa kukamenyana ndi anthu athu ku Mbombwe, mbiri yowawa koma ndi yathu, ikapita ku London sidzabweranso. Amtengatenga ambirimbiri anafera m'njira pa nkhondo ya Chiwaya osasiya ngakhale dzina, apa muli ndi dzina ndi nambala m'manja. Mayiwo akudziwa n'komwe chomwe anyamula?

Mdala wa ku Lilongwe:
Mayi anena zoona. Ndipo awiri a dzina limodziwo usawalekanitse zivute zitani, amagulitsidwa pamodzi. Uwauze mayiwo chilungamo chonse, ukawagula motchipa podziwa udzadya ndalama ya minyama.

Wa ziboliboli, Zomba:
Ndawayimbira, akuti zoona anali awiri, wa ku Burma anali bambo awo omwe ankakonda kukakhala pa chipilala cha Keyala pa 11 Novembala, winayo agogo. Sanadziwe za a Chilembwe, anakhala chete nthawi yaitali pa foni. Tagwirizana kuti ndigule a nkhondo yachiwiri okhawo ndiwonjezerepo kangachepe ngati ngongole kuti fizi ikwane, a siliva abwerere nawo kunyumba akakambirane ndi abale awo. Ndajambula m'mphepete monse, mayi a ku Blantyre ndikutumizirani nambalayo madzulo ano mundithandize kufufuza m'bukumo, kalipa ndikabwereka kwa makaniko mawa.