Mikanda ya alginate ikusungunuka pa round yachitatu, ndithandizeni

wa_chinangwa: Anzanga, ndatopa nazo. Ndikutsekera enzyme yotchedwa glucoamylase, yochokera ku nkhungu ya Aspergillus niger, m'mikanda ya calcium alginate (timipira tofewa ngati jeli) kuti izidula sitachi ya chinangwa kukhala glucose. Alginate 2%, ndikudonthezera ndi syringe mu calcium chloride (CaCl2) ya 0.1 M, ndikusiya maola awiri. Mikanda imatuluka yosalala ngati mazira a chambo. Mikanda yomweyo ndimaigwiritsa ntchito mobwereza: round yoyamba DNS (yoyezera shuga) pa 540 nm ikuwerenga bwino, yachiwiri yatsika, yachitatu mikanda yafewa ngati phala, ina yatheratu. Sabata zitatu zapita pachabe ndipo a supervisor akufuna ma round khumi. Ndikulakwitsa pati?

mayi_biochem: Buffer yanu ndi iti, achimwene?

wa_chinangwa: Citrate-phosphate, pH 4.5, pa 55°C.

mayi_biochem: Ndi pomwepo. Citrate ndi phosphate zonse zimalanda calcium, ndipo calcium ndi amene wagwira mkandawo. Mukuusungunula nokha. Sinthirani ku acetate, muikemo CaCl2 pang'ono, ngati 5 mM, ngakhale m'madzi otsukira.

mkulu_chitosan: Alginate imasunga bwino maselo a yisiti kuposa enzyme. Mabowo ake ndi aakulu, enzyme imangotuluka. Sinthirani ku mikanda ya chitosan, mumangirirepo enzyme ndi glutaraldehyde, nkhani yatha.

technician_wakale: Musathamangire kusintha, yambani mwayeza protein ndi njira ya Bradford m'madzi a CaCl2 omwe munadonthezeramo aja. Mwina theka la enzyme linatsalira momwemo, ndipo zomwe mukusangalala nazo pa round yoyamba ndi enzyme yotayikira m'flask. Samalaninso ndi DNS, imawerenga shuga aliyense wa reducing, maltose yemwe. Ngati mukunena glucose, pezani kit ya GOD-POD, yomwe imayeza glucose yekha. Ine chaka china tinasunga mikanda mu furiji Lachisanu, magetsi anazima weekend yonse, Lolemba tinapeza nkhungu yoyera pamwamba ndi fungo ngati la mowa wamasese. Mwezi wathunthu unapita choncho. Mtsikana amene ankachita project ija analira.

mkulu_chitosan: Mwamva? Ikutuluka. Ndi zomwe ndanena. Popanda covalent bond mukutunga madzi ndi dengu.

mayi_biochem: Bambo, glutaraldehyde simankhwala a vuto lililonse. Mukaichulutsa imamanga enzyme mpaka kufa. Siigwirizana ndi buffer ya Tris chifukwa amine wa Tris amaidya isanafike pa enzyme. Ndipo si yotsegulira pa benchi. Kwathu fume hood itawonongeka mnyamata wina anaitsegula pawindo, maso anafiira tsiku lonse, akutsokomola. Achimwene, hood yanu ikukoka mpweya?

wa_chinangwa: Imalira koma sindikhulupirira kuti ikukoka. Acetate ndili nayo, ndiyesa mawa.

technician_wakale: Ikani kapepala ka tissue pakhomo pa hood muone ngati kakukokedwa. Chinanso, sitachi yophika ndi yaikulu, silowa bwino mkati mwa mkanda. Yambani mwaidula ndi alpha-amylase. Ndipo magnetic stirrer ayi, imapera mikanda ngati chigayo. Shaker basi.

mkulu_chitosan: Acetate ithetsa kusungunuka, sindikukana. Kutuluka kwa enzyme ayi. Pa round yachisanu mubweranso pano. Chitosan.

mayi_biochem: Nanga chitosan yoyenera muitenga kuti? Ife oda yathu ya ku Johannesburg tikuidikirabe, forex palibe.

technician_wakale: Nkhani ya maoda musaiyambe. Alipo amene ali ndi Coomassie G-250 ya Bradford ija yotsala? Yathu yatha, ndibweza ikafika.