Lamba wa alitaneta akulirabe ngakhale ndaika watsopano, thandizeni

Akuluakulu a pagulu pano mwaswera bwanji. Ndili ndi Corolla AE110 ya injini ya 5A, yakalamba ndithu koma ndi imene imandidyetsa, ndimaperekera mazira m'maokala muno mu Lilongwe. Mmawa ndikangoliza injini lamba wa alitaneta (yotchaja batire ija) amalira kwiiii mpaka aneba kusuzumira, ikatenthera amasiya, koma ndikayatsa malaiti kapena kukhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto amayambiranso. Wakale anali atang'aluka mkati monse ndiye ndinagula wina ku Malangalanga, mnyamata wa pa galaja anaika nkumanga, pasanapite nthawi phokoso labwerera. Pano iye akuti tingomanganso kwambiri, ena akuti ndipake sopo kapena kandulo. Ine mtima ukukana chifukwa lamba yemweyu ndi amene amazunguza watapampu, yoyendetsa madzi oziziritsa injini, akaduka injini itentha, ndipo Loweruka ndikupita ku Ntcheu ndi ana, sindikufuna kukagona nawo pamsewu ku mapiri a Dedza. Kodi lamba amamangidwa kufika pati? Nanga wa power steering ndi wa AC ndisinthiretu?

Mayankho

— Za sopo ndi kandulo zisiyeni achimwene, zimangotseka phokoso kwa kanthawi lamba akupitiriza kuterereka.

— Bwana ine ndi makaniko. Lamba watsopano amatamuka akayenda pang'ono ndiye kumanganso kachiwiri si zachilendo ayi, koma pali malire. Zimitsani injini, chotsani kiyi, mudinize ndi chala chachikulu pakati pa mapule awiri pomwe patalikirana, alowe pafupifupi sentimita imodzi basi. Akamalowa kwambiri wakhwepa. Akauma gwa ngati waya mwapyoza, ndipo chimatsatira ndi ma bearing a alitaneta ndi watapampu, ndalama zake simungafanizire ndi za lamba. Pomanga mumamasula kaye bawuti ya pansi pa alitaneta ndi ya pamwamba, kenako nkumakankha alitaneta pang'onopang'ono, mukamaliza mumange zonse ziwiri. Anyamata ambiri amaiwala ya pansiyo.

— Kuwonjezera pa zomwe anena amisiriwa, muone nambala yalembedwa pamsana pa lamba. Mwachitsanzo 4PK ndiye kuti mizere inayi, manambala otsatirawo ndi kutalika kwake mu mamilimita. Ogulitsa ena akasowa saizi amangokupatsani woyandikira, akatalika alitaneta imafika kumapeto kwa kanjira kake lamba asanagwire. Werenganinso mizere ya pa pule ifanane ndi ya lamba.

— Zoti amalira mukakhotetsa chiwongolero zandigwira. Pa injini imeneyi lamba wa power steering amachokera pa pule ya watapampu, ndiye katundu yense amagwera lamba wa alitaneta uja. Mwina olira ndi wamng'onoyo, muwaone onse awiri. Poti galimoto ndi yakale sinthani onse nthawi imodzi, akalewo ngati sanathereretu muwaponye ku buti.

— Lamba atachotsedwa mugwedeze pule ya watapampu ndi dzanja, ikamagwedera kapena pansi pake pali zizindikiro zoti madzi amadontha, ku Ntcheu musanyamuke. Muzunguzenso ya alitaneta mumve ngati ikukhulana. Ndipo nyali ya batire ikadzayaka muli paulendo imani pomwepo, mwina lamba waduka, musadikire geji ya kutentha ikwere.

Mwini funso: Zikomo kwambiri mabwana, mwandithandiza. Ndatsegula boneti pompano ndi tochi, lamba akunyezimira ndipo ndikamukhudza chala chikuda ndi oyilo, kumunsi pafupi ndi pule yaikulu ya crank kwanyowa. Ndiye kuti seal yotchinga oyilo ikudontha eti?

— Zikuoneka choncho bwana, koma mutsuke kaye muone pomwe oyiloyo akuchokera, nthawi zina amatsetsereka kuchokera pa top cover, chivundikiro cha pamwamba pa injini. Lamba womwa oyilo sachira, mugula wina. Ngati ndi seal ya crank ndiye kuti ichoka timing belt, lamba wa mano wa mkati uja, yomwe imasinthidwa pa makilomita 100,000. Yanuyo inasinthidwa liti?