Mwana wa miyezi 19 wasintha chifikireni kwa mayi womulera, timubweze?

aNaphiri (ofesi yosamalira anthu, kuboma):
Anzanga, ndithandizeni nzeru. Dzina la mwana ndi dera sinditchula, mukudziwa kale chifukwa chake. Ndi mnyamata wa miyezi 19. Mayi ake anamwalira iye ali ndi miyezi inayi, bambo sakudziwika komwe ali, ndiye wakhala kunyumba yosungira ana miyezi 14. Masabata asanu apitawa tinamupereka kwa mayi wina, ana awo anakula kale, amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika.

Komwe anali kuja ankamutama kuti ndi wofatsa, salira, aliyense amamunyamula. Ngakhale ine tsiku loyamba anangonditambasulira manja. Pano zatembenuka. Mayi akangonyamuka kupita kubafa, mwana kulira ngati wapsa. Usiku akudzuka kanayi kasanu. Phala akulavula, koma dzulo amupeza atagona atafumbata kachidutswa ka mbatata. Wawaluma kawiri paphewa. Lero abwera kuofesi maso ali psuu, akuti, "Mutengeni, mwina magazi athu sanagwirizane." Aneba ayambanso kunong'ona kuti amamuzunza. Ndili ndi banja lina pamndandanda. Ndimusamutse, kapena abwerere komwe anali wosangalala?

aChisale (woteteza ana):
Mayi, pa mawu akuti "komwe anali wosangalala" ndi pomwe ndikutsutsa. Mwana wa chaka ndi theka wongopita kwa mlendo aliyense osacheuka n'komwe, kumeneko si kufatsa. Ana ambiri pofika miyezi 8 kapena 9 amayamba kukana alendo chifukwa adziwa kuti wanga ndi uyu. Kumalo kuja olera amasinthana mashifiti, wa m'mawa si wa usiku. Mwana amalira, palibe wobwera msanga, mapeto ake amangoleka. Wanuyo wayamba kulira chifukwa wapeza womulirira. Koma za anebazo musazitaye. Pitani mosawauza, mukamuone thupi lonse pomusambitsa, muonenso ngati amathawira kwa mayiwo kapena amawathawa.

aNaphiri:
Ndinapitako Lachisanu mwadzidzidzi. Thupi lilibe bala. Ndipo kuthawa ayi, akuchita kuwakakamira chitenje mpaka kutsala pang'ono kuwavula.

aNabanda (namwino wa kusikelo):
Tisanathamangire za mumtima, tiyambe taona thupi. Mwana wolira usiku n'kumakana chakudya ine ndimayamba ndi khutu, kenaka m'kamwa ngati muli zilonda. Msinkhu umenewu mano am'kati amakhalanso akumera, ndipo kulumako kumachuluka. Ayezedwe malungo. Kabuku ka kusikelo anabwera nako? Muone mzere ngati ukukwera kapena wagona. Lamba wapamkono akatsika pa 11.5 cm ndiye za chiponde zimenezo, musachedwe. Komanso mayi ake anamwalira ndi chiyani? Ngati mwana sanayezedwe magazi, ayezedwe.

aNaphiri:
Zikomo asisitala. Tachokako kuchipatala masana ano. Malungo palibe, khutu lili bwino, magazi ali bwino, lamba 13 cm. Kulemera watsika pang'ono, anali 9.8 kg pano 9.5 kg. Mano awiri akutuluka.

aMbewe (mphunzitsi wa za kakulidwe ka ana):
Ndiye thupi silikutiletsa kumusiya pomwe alipo. Ndikumbutseko zomwe ena tinaphunzira. Ku Romania, kuyambira chaka cha 2000, Charles Nelson, Nathan Fox ndi Charles Zeanah anatsatira ana 136 a m'nyumba zosungira ana mumzinda wa Bucharest. Theka anawapereka kumabanja, theka anatsala. Amene analowa m'banja asanakwanitse zaka ziwiri ndiwo anapindula kwambiri, pa kuzolowerana ndi wowalera ngakhalenso pa nzeru. Mwana wanuyu watsala ndi miyezi isanu kuti afike pamenepo. Kumubweza ndi kumutayitsa nthawi yomwe sitingamubwezere. Malangizo a United Nations a 2009 amanenanso kuti ana osafika zaka zitatu azileredwa m'banja.

Ndipo wina asanene kuti izi ndi za azungu. Mary Ainsworth zambiri za nkhaniyi anazionera ku Uganda mu 1954 ndi 1955, atakhala pakhonde m'midzi ya kufupi ndi Kampala, kuyang'ana makanda akukwawa kupita patali pang'ono n'kubwerera kudzagwira mwendo wa mayi awo. Zomwe agogo athu amaziona tsiku lililonse.

aGondwe (mlangizi wa zaumoyo):
Aphunzitsi, za Bucharest tazimva, koma Bucharest sagulitsa tomato. Mayiwa sakugona, bizinesi ikuwagwa, ndipo mwana si wawo wobereka. Tikangowauza kuti pirirani, tsiku lina adzamusiya pakhomo pa ofesi ali kale pa minibasi. Funso langa ndi ili: akapita kumsika mwana amatsala ndi ndani? Nanga amachoka bwanji pakhomo?

aNaphiri:
Achimwene, mwandichititsa manyazi, funso limeneli sindinalifunse. Ndawaimbira pompano. Akuti amatsala ndi yemwe wapezeka: lero mneba, mawa mtsikana wa kutchalitchi, mkuja mlamu wawo. Pochoka amamupatsa phala, akatanganidwa ndi kudya iwo n'kuzemba kudzera kuseri kuti asalire.

aGondwe:
Basi, phala lija mwalipeza.

aNasibeko (ndalera ana atatu ochokera kuofesi):
Eee, mwana ameneyu si wopusa ayi. Waona kuti mbale ya phala ikabwera ndiye kuti mayi asowa. Angadye bwanji? Ine wanga wachiwiri anali chimodzimodzi, anafika ali ndi chaka ndi miyezi iwiri, ndinaonda ine m'malo mwa iye.

Muwauze mayiwo izi, ndi mayi mnzawo ndikunena. Kuzemba aleke lero lomwe. Pochoka agwade, amuyang'ane m'maso, anene kuti ndapita kumsika ndibwera dzuwa likafika apo, kenaka apite ndithu ngakhale akulira. Adzalira, inde, koma akamaona kuti wotsanzika amabweradi, kulirako kumafupika. Phala asamupatsenso pa nthawi yochoka. Adye naye m'mbale imodzi atakhala pansi, popanda changu, ngakhale masupuni atatu okha. Kambatata kam'manja kaja amusiyire, asamulande, mwana amene anadyapo pamzera amasunga. Chimatha chokha akakhulupirira kuti mawa chakudya chiliko.

Ndipo bwanji osangomubereka kupita naye kumsika? Anzathu onse pamabenchi ali ndi ana kumsana. Mwezi umodzi wokha wa mbereko, mwanayo azimva fungo lawo ndi mawu awo akuitanira makasitomala. Usiku agone naye mphasa imodzi m'masikito. Akadzuka, dzanja pamsana ndi kanyimbo komweko komweko, osayatsa nyali. Masiku omwe sangathe kupita naye, wotsala naye akhale mmodzi yekha, amusiyirenso chitenje chomwe mayi avala, chosachapa. Akaluma amutsitse, anene kuti "Ayi, zikuwawa," kenaka amutengenso. Kumenya ayi. Mwana amene wayamba kumene kukhulupirira munthu ukamumenya, umayambiranso pachiyambi.

aChisale:
Agogo anena zonse. Ndingowonjezera mbali yathu. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana silinatipatse ntchito yongosainitsa mapepala n'kutembenuka. Ndikudziwa kuti mafuta a njinga yamoto ndi nkhani ina, tonse timaidziwa, koma mwezi uno yesetsani kalondolondo sabata iliyonse, foni pakati pa sabata. Mukafika musayambe ndi kabuku, yambani mwafunsa mayiwo ngati agona. Anebawo kawaoneni pamodzi ndi amfumu kapena a komiti ya ana, muwafotokozere chifukwa chomwe mwana akulirira. Mneba amene wamvetsa ndi yemweyo adzawatungire madzi mawa.

aMbewe:
Chinanso, mawu aja akuti magazi sanagwirizane muwayankhe. Mayiwo akuganiza kuti mwana akuwakana. Muwauze kuti pa anthu onse amene amunyamula chaka chonsechi, woyamba kumulirira ndi iwo.

aNaphiri (patapita masabata atatu):
Ndabwera ndi lipoti. Mawu a aphunzitsi aja nditawanena, mayi anangoti zii, kenaka misozi. Za kumubweza sanazitchulenso. Akupita naye kumsika masiku anayi, masiku awiri amatsala ndi mlamu wawo yekha. Lachiwiri kusikelo walemera 9.9 kg. Usiku akudzukabe kawiri, ndipo sabata yatha waluma mwana wa wogulitsa makala, nkhani inatsala pang'ono kukula.

Dzulo ndinawapeza pabenchi. Mwana anali pansi akugubuduza tomato wofinyika, amapita mpaka pa mulu wa anyezi n'kubwerera kudzagwira bondo la mayi. Nditatambasula manja kuti ndimunyamule, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kukabisala kuseri kwa chitenje.

Tsopano kwapezeka azakhali ake a malemu mayi wa mwanayu, akufuna kudzamuona Loweruka. aNasibeko, mlendo wotere mumamulandira bwanji kuti mwana asabwerere m'mbuyo?

aNasibeko:
Abwere kunyumbako, osati kuofesi. Mwana akhale pamiyendo ya mayi womulera, azakhaliwo akhale pamphasa pomwepo, asamulande. Akafuna adzapita yekha. Ndipo abwere ndi chithunzi cha malemuwo ngati chilipo, mayiwo amusungire.