Zosonkha za chaka chino: mbiri ya kupaki kapena zimbudzi kugombe?

Wapampando: Mwaswera bwanji nonse a kwa Chembe ku Cape Maclear. Ndalama zija zasonkhedwa, tsopano tigwirizane chochita. Maganizo alipo awiri, ena akuti tilambule njira ya kumanda a amishoni tiikeko zikwangwani za Chichewa komanso tigule magalasi osambira ndi ma life jacket a ana asukulu, ena akuti timange zimbudzi kugombe. Yankhulani.

Mphunzitsi wopuma, Zomba: Zikomo a tcheya. Ine ndili pa ganizo loyambalo ndipo ndinena chifukwa. Khisimasi yapitayi ndinatenga adzukulu kupita kumandako, udzu mpaka m'chiuno, ndiye kamnyamata ka sitandade 7 kobadwira pamudzi pomwepo kandifunsa kuti agogo anagona apawa ndani, mtima unandiwawa. Livingstonia yoyamba inali kwathu kuno anthuni. Amishoniwo anafika 1875 pa sitima ya Ilala yoyamba ija, osati inoyi, imene anthu anachita kusenza zidutswazidutswa podutsa mathithi a Shire, wotsogolera anali E. D. Young ndipo Dr Robert Laws anali momwemo. Malungo anawasautsa, Dr William Black anamwalira 1877, mpaka 1881 anasamukira ku Bandawe atabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe. Anthu amakwera phiri kukaona Khondowe, kumene kuli Livingstonia ya lero, koma chiyambi chili pakhomo pathu ndipo ana athu sakudziwa.

Namwino, Blantyre: Aphunzitsi ndakumvani ndipo mbiriyo ndi yathu ndithu koma ine ndikuona likodzo. Mwana akakodzera m'madzi mazira amaswa, tizilomboto timalowa mu nkhono, tikatulukamo timaboola khungu la aliyense wochapa kapena kusamba m'mbali muja, nanga amayi athu amatsuka mbale kuti? Mankhwala a praziquantel anthu amamwa inde koma mawa lake abwerera m'madzi omwewo. Ndiye tiwagulire ana magalasi kuti azikasambira m'madzi amene sitinawasamale?

Achimwene a ku Joni: Asisi mwalasa. Ine ndinakodzapo magazi ndili mwana timkangoti ndi kukula. Zimbudzi kaye

Wa maboti, Chembe: Pepani akuluakulu ndilowepo ine amene ndimakhala pamadzi daily. Alendo ndimawatengera ku Thumbi ndi ku Otter Point, ndikaponya nsomba nkhwazi imatsika kudzatola iwo kumajambula, kenako amavala galasi kumaona nsomba za mbuna m'miyala, zabuluu zachikasu zamizeremizere zikubwera mpaka pa zala. Mwana wanga woyamba anadzaona zimenezi ali ndi zaka 12 nditabwereka galasi, anangovuuka m'madzi kukuwa kuti adadi zilipo zambiri!! tsiku lonse osafuna kutuluka. Paki yathuyi ya Lake Malawi National Park anaikhazikitsa 1980 makamaka chifukwa cha nsombazi ndipo 1984 UNESCO inaiika pa malo ofunika a dziko lonse, anthu amachoka ku Germany kudzaziona koma mwana wa pano amangodziwa usipa wa pathandala. Ukamuuza kuti osaponya ukonde pafupi ndi zilumba amaona ngati nkhanza poti sanaonepo chimene chikutetezedwacho.

Namwino, Blantyre: Apo sindikutsutsa achimwene. Ndipo nsomba zina zimadya nkhono zomwezo, zikachepa chifukwa chokokera ma neti a udzudzu m'mbali nkhono zimachuluka. Koma chimbudzi chikufunikabe

Msungichuma: Ndikumbutse kuti kugombe ndi mchenga, dzenje wamba limagumuka nthawi ya dzinja, pafunika simenti ndi njerwa kuyambira pansi. Ndalama tili nazozi zikwana chimodzi mwa ziwirizi basi. Komanso atamanga azisesa ndani? Tisamange chinthu choti pakatha miyezi itatu anthu azichithawa.

Mayi a ku Leeds: Nkhani yosesa amayi a kumpingo ndi a kumzikiti tikhoza kukambirana nawo bwinobwino, chachikulu pakhale madzi ndi loko. Koma aphunzitsi musataye mtima, zikwangwani sizodula ngati simenti. Ine ndilipira ziwiri pandekha, china kumanda china pa Mwala wa Mphini, ndinkadutsapo ndili mtsikana tikuchokera ku Monkey Bay ndipo mpaka lero ndikatseka maso ndimaona mizere ija ngati mphini za agogo anga.

Mphunzitsi wopuma, Zomba: Mayi Mulungu akudalitseni. Mawu ake ndilemba ndine, ndipo dzina la William Koyi, mlaliki wachiXhosa wochokera ku Lovedale ku South Africa amene anafika 1876, likhalepo, asamangotchulidwa azungu okha.

Wa maboti, Chembe: Boti langa Loweruka limodzi pamwezi ndipereka ulere kwa ana asukulu bola mafuta ndi ma jacket, popanda jacket sindinyamula mwana, mwera ukauka suchenjeza

Wapampando: Zamveka. Manda ali m'dera la paki ndiye a mlembi lembani kalata kwa a zamapaki yopempha chilolezo, ina ipite kwa amfumu ya malo a zimbudzi. A msungichuma tipezereni mtengo wa simenti ndi wa ma jacket 10 pofika Lachisanu, voti tiponya Lamulungu madzulo.