Thandizeni nzeru, kagalu kakukodzera paliponse mufulati ndipo ndili pa nsanjika ya 9

Membala wosatchula dzina:

Moni nonse a m'gulu muno. Dzina ndabisa dala chifukwa ndikudziwa kuti ena mundiseka, koma sekani mukatha mundithandize.

Ndagwira ntchito zaka 6 kwa agogo ena achizungu ku Linden, mu Joni muno. Mwezi wathawu ana awo anadzawatenga kupita nawo kunyumba yosungirako okalamba, ndipo kumeneko ziweto salola. Tsiku lotsanzikana anandigwira dzanja misozi ili mbwembwembwe, n'kundisiyira kagalu kawo, kamphongo, ka mtundu wa Maltese, ka zaka 4. Kukana kunandikanika. Mwana wanga wamkazi naye atangokaona basi, mpaka pano amagona nako kumiyendo.

Ine ndimakhala ku Berea. Ntchito yatsopano ndinaipeza ku Randburg, ndiye ndimanyamuka 5:30 m'mawa kukakwera taxi ku Bree, kufika pakhomo cha m'ma 6:30 madzulo. Mwana amaweruka 3 koloko koma sindimulola kutsika yekha ndi galu. Za usiku, amene mumaidziwa Berea sindikuuzani. Lifiti nayo imayenda ikafuna.

Ku Linden kanali ndi kakhomo kakekake pachitseko cha kukhitchini, kakafuna kudzithandiza kamangotulukira pa kapinga. Kuno kakukweza mwendo pa sofa, pa mwendo wa bedi, ndipo dzana kakodzera thumba la mgaiwa limene amayi ananditumizira pa basi kuchokera ku Dedza. Kuyambira tsiku limenelo abambo akunyumba akungoti mayi sankhani, ine kapena galu.

Nyuzipepala ndayesa, mkodzo ukungodutsa ndipo timapazi tada bii ndi inki. Mapadi oyala pansi okodzerapo agalu aja ndinagula paketi imodzi, kakumakhadzula n'kumwaza nyumba yonse. Ndikukolopa ndi Jik tsiku ndi tsiku koma fungo lili pompo. Amene munasungako tiagalu mufulati, chimbudzi chake mumapanga bwanji?

Ankolo a ku Turffontein:

Kkkkk Joni watisintha ndithu. Kwathu galu amagona pa phulusa, amadya mkute, akafuna kunja amalowera kutchire osatsanzika. Lero tikufunsana za chimbudzi cha galu m'nyumba ya anthu? Walira mvula walira matope, mlongo. Mgaiwawo ndiye wandipweteka mtima.

Mayi wa ku Fourways:

Ankolo inu musamufoole mnzathu. Kutchire kwake kuti pa nsanjika ya 9?

Achemwali, ine ndasamala tiagalu ta adona m'mafulati zaka zambiri, ma Yorkie ndi ma Maltese omwewo. Choyamba siyani Jik. Inu mumamva ngati payera, koma mphuno ya galu imamvabe mkodzo wake pansi pa fungo la Jik, ndipo pamene panunkha mkodzo kwa iye ndi pachimbudzi. Komanso Jik akakumana ndi mkodzo amatulutsa mpweya woyabwa m'maso ndi pachifuwa, makamaka m'bafa lopanda windo. Sopo aliyense wolembedwa kuti ali ndi ammonia musamuyandikize n'komwe, ameneyo kwa galu amanunkha ngati mkodzo weniweni. Pitani ku shopu ya ziweto mufunse enzyme cleaner, mankhwala ochotsa fungo la mkodzo. Mumathira pamalopo mpaka panyowe, n'kusiya kanthawi, osapukuta msanga. Ndalama ikavuta, viniga woyera wosakaniza ndi madzi theka ndi theka amathandizako, pakauma muwaze soda. Koma viniga ndi Jik zisakumane m'ndowa imodzi, mpweya wake ndi poizoni.

Chachiwiri, vuto lanu si mapadi ayi, vuto ndi loti kagaluko n'kamphongo. Padi yoyala pansi ndi ya kagalu kakakazi kamene kamanjuta. Kamphongo kamafuna chinthu choimirira choti kakwezerepo mwendo, n'chifukwa chake kakusankha sofa ndi thumba la ufa. Pezani chivindikiro cha bokosi lalikulu la pulasitiki kapena thireyi yokhala ndi milomo yaifupi. Yalani padi m'menemo, pakati muimike botolo la malita 2 lodzaza mchenga, mulikulunge ndi padi ina. Muike pakona, khoma mulitchinge ndi pulasitiki. Tengani kansanza kamene mwapukutira mkodzo wake mupake pa botolopo. Muona.

Membala wosatchula dzina:

Mayi, zoti kamafuna choimirira sindinaziganizeko n'komwe. Nanga kukhadzulako?

Mayi wa ku Fourways:

Kumeneko n'kusowa chochita, kamakhala kokha maola ambiri. Alipo mathireyi okhala ndi sefa ya pulasitiki pamwamba, padi imakhala pansi, mano safikapo. Kapena gulani mapadi ochapa, ansalu, amenewo sikangawakhadzule msanga. Werengani nokha, otayawo mukamasintha awiri patsiku ndi 60 pamwezi, malandi ake si amasewera. Ochapa mukhale nawo atatu kapena anayi. Kungoti paketi ya otaya izikhalabe m'kabati, mukudziwa mmene madzi amathawira mu Joni muno, masiku atatu mpopi uli gwaa mudzachapira chiyani.

Achimwene a m'magadeni ku Randburg:

Ine maganizo anga ndi osiyana pang'ono. Galu ameneyu zaka 4 zonse wakhala akuponda kapinga. Chimbudzi amachidziwa ndi mapazi, osati ndi maso. Mupatseni kapinga weniweni. Kumanazale amagulitsa kapinga wodulidwa kale ndi dothi lake, amamutcha instant lawn, chidutswa chimodzi kapena ziwiri zikukwanani. Ngati khonde lanu limawomba dzuwa tsiku lonse tengani kikuyu. Ngati ndi lamthunzi, ngati makonde ambiri a ku Berea ndi Hillbrow, funsani LM, ameneyo amapirira mthunzi. Muike m'thireyi yosadontha, pansi timiyala kapena mchenga pang'ono. Madzulo muzithira kapu ya madzi pamene wakodza, chifukwa mkodzo wa galu umawotcha udzu n'kusiya zigamba zachikasu. Pakapita masabata angapo amatopa ndithu, mumataya n'kuika wina. Botolo la mayi a ku Fourways lija muliimike pakati pa kapingayo, nzeru ziwirizi zimagwirizana.

Kapinga wapulasitiki ndiye ine sindimulimbikitsa. Masiku oyamba amaoneka bwino, koma mukangodumphitsa kuchapa masiku awiri, kutentha kwa December kuja, nyumba yonse simungakhalemo.

Mlongo wa ku Yeoville:

Za pakhondezo samalani. Kwathu kuno wina amatsuka thireyi ya galu pakhonde, madzi n'kumatsikira pa zovala za apansi, inatha ndi mkangano wa pamasitepe anthu kuonerera. Muzikatsukira kubafa. Komanso onani zitsulo za khonde, Maltese amatha kudutsa pampata woti simungaganizire, mumange waya wa nkhuku. June ndi July m'mawa kumazizira mpaka chisanu kuyera pa udzu, ndipo nthawi ya mvula mabingu a masana aja tiagalu timanjenjemera, sikangatuluke. Bola thireyi ikhale mkati pafupi ndi chitseko cha khonde.

Funso langa ndi lina. A nyumbayo akudziwa kuti muli ndi galu? M'mafulati a sectional title, amene fulati iliyonse ili ndi mwini wake, lamulo lake ndi loti upemphe chilolezo cholembedwa kwa ma trustee a body corporate, komiti yoyang'anira nyumba yonseyo, usanasunge chiweto, ndipo pepala lanu la lendi likhoza kukhala ndi mawu akeake. Werengani lero lomwe. Fungo likafika pakhonde la aneba, nkhani siikhalanso ya galu, ikhala ya malo ogona.

Mnyamata wa ku Rosettenville:

Bwanji osangogula mchenga wa amphaka uja? Mphaka wa asisi anga savuta n'komwe.

Mayi wa ku Fourways:

Ayi mwanawe, makamaka uja woumbika ukanyowa. Galu amadya zilizonse, ukalowa m'mimba umatupa n'kutseka matumbo. Ngati akufuna bokosi, aikemo timibulu ta mapepala kapena ta utuchi. Koma kagalu kozolowera kapinga kukaphunzitsa bokosi ndi ntchito ina.

Wophunzira za ziweto, Pretoria:

Ndiwonjezereko pang'ono amayi. Musakamenye kapena kukanunkhitsa mkodzo wake mukapeza kalakwitsa. Galu sagwirizanitsa chilango ndi zimene anachita maola apitawo, amangophunzira kukuopani n'kumakabisala kuseri kwa sofa. Kakangodzuka, kakatha kudya ndiponso kakatha kusewera, kaperekezeni pathireyi, kakachita pomwepo mukayamikire nthawi yomweyo ndi kachidutswa ka nkhuku. Mukamachoka katsekereni malo amodzi a matailosi, bedi ndi madzi mbali ina, thireyi mbali ina, chifukwa galu sakonda kuipitsa pamene amagona. Madzi akumwa musakamane pofuna kuti kasakodze.

Mwina kakuika zizindikiro chifukwa nyumba ndi yachilendo ndipo mwini wake wasowa. Ngati n'kosathena, kuthena kumachepetsa khalidweli kwa agalu ambiri. Koma mukaona kakukodza pang'onopang'ono pafupipafupi, kakudzikakamiza, mkodzo uli ndi magazi, kapena kakumwa madzi mopitirira, kumeneko n'kudwala, mwina chikhodzodzo mwina shuga. Pitani nako ku SPCA ya ku Booysens kapena ku Animal Anti-Cruelty League ku Regents Park, amathandiza anthu opeza zochepa. Funsaninso ana a agogowo khadi la katemera, wa chiwewe ndi wokakamiza mwalamulo m'dziko muno. Poti muli ndi mwana, mankhwala a njoka za m'mimba miyezi itatu iliyonse, ndipo manyi muzitola ndi tishu n'kugejemula m'toileti. Mapadi okha musaponyemo, amatseka mapaipi, amenewo mumange m'jumbo apite ndi a Pikitup otola zinyalala.

Ankolo a ku Turffontein:

Nkhuku kupatsa galu chifukwa wakodza? Ine ndakodza zaka 58 palibe anandipatsako ngakhale chipalapasiro.

Membala wosatchula dzina:

Ndabweranso, papita masiku 9. Ndinagula LM zidutswa ziwiri, ndinakwera nazo masitepe onse chifukwa lifiti inali itafanso. Thireyi ili kubafa, botolo la mchenga pakati. Tsiku loyamba kanangonunkhiza n'kugonapo. Lachitatu lake m'mamawa ndinakapeza kakukweza mwendo pa botolo, ndinakuwa mpaka abambo anadzuka kuyesa kwalowa akuba. Pa sofa kalakwitsapo kawiri, pa bedi ayi. Kalata ya kwa a body corporate ndapereka, yankho sanandipatse. Ufa tsopano ukukhala m'chigubu chotseka pamwamba pa kabati.

Achimwene a ku Randburg, kapingayu wayamba chikasu mbali imodzi, kubafa kulibe dzuwa. Ndizimutulutsa pakhonde masana, kapena ndigule wina azisinthana?