Nthambi zitatu, koma Breath of the Wild ndiiika pati?

Wolemba script: Anzanga, ndathedwa nzeru. Mawa m'mawa tikujambula mawu a vidiyo yofotokoza m'Chichewa mmene nkhani za magemu a The Legend of Zelda zimatsatizirana, koma script yaima pakati. Koyambirira kulibe vuto. Skyward Sword ndiyo yotsegulira nkhani ngakhale inatuluka mu 2011, kenako The Minish Cap, Four Swords, mpaka Ocarina of Time ya 1998 pomwe njira imagawika nthambi zitatu: ya Link wamkulu, ya Link mwana ndi imene Link anagonja (Link ndiye ngwazi ya magemuwa). Izi ndatenga m'buku la Nintendo, Hyrule Historia. Tsono Breath of the Wild ndi Tears of the Kingdom ndiziike pa nthambi iti? A mkonzi akufuna chithunzi choti munthu achimve pa foni osachita kuimitsa vidiyo. Mtima wanga uli pa nthambi ya Link wamkulu, chifukwa cha a Rito, anthu onga mbalame aja.

Wopanga zithunzi: Aise, a Rito omwewo ndi amene akugwetseni. Mu The Wind Waker, gemu ya pa nthambi ya Link wamkuluyo, amati a Rito anachokera kwa a Zora, anthu onga nsomba aja, ndiye kuti mtundu wina unasanduka unzake. Koma mu Breath of the Wild onse awiri alipo, wina ali ndi mudzi wake, winanso wake. Muwauza chiyani owonera? Ine ndikanaika pa nthambi ya Link mwana. Pa mwambo uja wa mu Breath of the Wild, Zelda, mwana wamkazi wa mfumu, akudalitsa Link amatchula zakumwamba, za nthawi ndi za madzulo achisisira, ndipo chachitatucho aliyense amadziwa kuti ndi Twilight Princess, gemu ya pa nthambi imeneyo.

Wolemba script: Nanga mchere uja wa m'miyala, umene gemu imati unatsala kuchokera m'nyanja yakale? Si chigumula cha mu The Wind Waker chimene chinamiza ufumu wa Hyrule chimenecho?

Wopanga zithunzi: Mchere basi? Nanenso ndingakutchulireni a Lynel, adani oopsa a m'gemuyi, omwe kwawo kwenikweni ndi gemu yoyamba ya 1986 ndi A Link to the Past, kutanthauza nthambi imene Link anagonja. Tikatero tifika mawa tikuponyerana zizindikiro.

Womasulira: Achimwene nonse awiri, ndawerenga zimene mwalembazi ndipo palibe wanama. Vuto lake ndi lomwelo. Breath of the Wild ya 2017 ili ndi zizindikiro za nthambi zonse zitatu. Ngakhale mayina a zilombo zachitsulo za m'gemuyi akuloza uku ndi uku: Vah Naboris akukumbutsa Nabooru ndipo Vah Rudania akukumbutsa Darunia, onse a mu Ocarina of Time, pomwe Vah Medoh akumveka ngati Medli wa mu The Wind Waker. Eni ake a Nintendo, pa chithunzi chawo cha mbiri ya Hyrule, anaika Breath of the Wild ndi Tears of the Kingdom paokha, osawalumikiza ku nthambi iliyonse. Ife ndife ndani kuti tijambule mzere umene eni ake anausiya?

Koma ndaona china mu script yomwe munanditumizira dzulo, ndipo kwa ine ndicho chachikulu. Ziganizo zanu zonse zikuyenda ndi mphamvu yofanana. "Hylia anabadwanso ngati munthu." "Nthambi zinadzakumananso." "Rauru anakhazikitsa ufumu wachiwiri." Choyambacho, cha mulungu wamkazi Hylia, gemu ya Skyward Sword imanena yokha poyera. Ziwiri zinazo ndi maganizo a osewera. Womvera sangasiyanitse, chifukwa mwaziyankhula ngati munalipo.

Chichewa chathu chili nacho kale chida cha zimenezi. Munthu akamanena zomwe anaona amati "anapita". Zomwe anangomva amati "akuti anapita". Zomwe akungoganizira amati "mwina anapita", kapena "zikuoneka ngati". Ndiye tigawe choncho. Zimene wosewera amaziona ndi maso ake pa sikirini zinenedwe mosapsatira. Zimene zili m'mabuku a Nintendo, kapena zimene munthu wa m'gemu akusimba za makedzana, zitsogozedwe ndi "akuti". Zathu ndi za osewera anzathu zikhale ndi "mwina" kapena "ena amaganiza kuti".

Wolemba script: Achemwali, za "mwina" ndamva. Koma buku la eni ake nalonso tilipatse "akuti"? Zikumveka ngati tikuwakayikira.

Womasulira: Onani tsamba lachitatu la script yanu. Mwaika magemu awiri a Oracle patsogolo, Link's Awakening pambuyo. Umu ndi mmene Hyrule Historia inanenera mu 2011. Koma buku lina lija la Encyclopedia litatuluka ku Japan mu 2017, anatembenuza: Link's Awakening inabwera kaye, ma Oracle pambuyo pake. Ngati eni ake amasintha, "akuti" si chipongwe. Ndipo nthambi imene Link anagonja kwa Ganon, mdani wamkulu wa m'magemuwa, palibe anaionapo ikuyamba m'gemu. Ocarina of Time imatha Link atapambana, Zelda n'kumubweza ku ubwana kuti akapeze zaka 7 zimene anagona. Nthambi ziwiri zimachokera pamenepo, ndipo zimamveka. Yachitatuyo tinaidziwira m'buku.

Wowerenga mawu: Ine ndikuthokoza, chifukwa pakamwa ndi panga. Koma chonde "akuti" asachuluke mpaka ndizimveka ngati ndikudya miseche. Pandime iliyonse ndimutchule kamodzi koyambirira, kenako ndizingosimba. Funso langa ndi la Rauru. Ndikawerenga ndikuona ngati ndi munthu mmodzi amene wakhala zaka zosawerengeka.

Wopanga zithunzi: Ndi awiri, mayi. Wa mu Ocarina of Time ndi nkhalamba yanzeru yoyang'anira kuwala, mtundu wake ndi wa a Hylian. Wa mu Tears of the Kingdom ya 2023 ndi wa mtundu wa a Zonai, mwamuna wa Sonia, ndipo gemu imamutchula mfumu yoyamba ya Hyrule. Nkhondo yotsekera Ganon nayonso dzina ndi limodzi mu A Link to the Past ndi mu Tears of the Kingdom, koma zochitika zake sizifanana. Ndiika nkhope zawo pambali ndi chaka cha gemu pansi pake, anthu asasokonezeke.

Womasulira: Ndipo pamenepo ndi pomwe "ufumu wachiwiri" uja ukufunika "mwina" wamkulu ndithu. Ena amati Hyrule yakale inatha, Rauru n'kuyambitsa ina. Ena amati ndi chiyambi chomwecho chongosimbidwa mwanjira ina. Nenani zonse ziwiri, masekondi 20 akwana.

Mkonzi: Ndatsatira zonse. Ine ndimafuna mzere umodzi chifukwa nthambi zambiri pa foni zimaoneka ngati ukonde, koma sindikufuna tidzapepese pambuyo. Tichite chonchi. Thunthu limodzi mpaka Ocarina of Time, nthambi zitatu zamitundu yosiyana, kenako mpata waukulu wopanda kanthu, m'munsi mwake magemu awiriwo m'bokosi lawolawo. Mumpatamo mulembe kuti tsoka loyamba limene Breath of the Wild imasimba linachitika zaka 10,000 m'mbuyo, anthu aone kutalika kwake okha. Achimwene olemba, mchere wanu ndi a Rito musataye, muwaike kumapeto ngati mkangano wa osewera, mbali iliyonse ndi umboni wake.

Wolemba script: Chabwino bwana, ndagonja ngati Link wa nthambi yachitatu. Ndikonza ma Oracle aja pompano. Kwatsala kamodzi: Age of Calamity ya 2020 ndiitchule? Imayamba ngati ikusimba nkhondo ya zaka 100 m'mbuyo, koma kaloboti kaja Terrako kakabwerera m'mbuyo zinthu zimatha mosiyana ndi zimene Breath of the Wild imanena.

Mkonzi: Chiganizo chimodzi chokha, pa chithunzi isaonekepo. Script ifike kwa achemwali isanakwane 9 koloko usiku uno kuti aone ma "akuti" aja, tijambula 8 koloko m'mawa.